Munthu wa pa Chilumba cha Tiyamike

Kadayisiko kanali kobiriwira ngati galasi la botolo, ka mbali zambirimbiri, ndipo tikakaponya pa beseni lovundikira kankalira kuti ngwengwengwe, kenako n'kuima, ife mitu n'kugundana pofuna kuona nambala. Mpaka lero ndikamva fungo la usipa wosauma bwino, chimene chimandibwerera ndi kulira kwa kadayisi kameneko pansi pa thandala la azakhali anga ku Senga Bay, madzi a nsomba akutidonthera m'khosi, mchenga uli m'mano. Inali nyengo ya mwera, mphepo ija imene imakwiyitsa nyanja masiku angapo osapuma. Miyendo yathu inali mbuu, milomo yong'ambika, aliyense atakoka manja a juzi mpaka kubisa zala.

Ntchito yathu ana pa tchuthi chimenecho inali kulondera nsomba. Thandala ndi tebulo lalitali la mitengo ndi bango limene amayanikapo usipa, ndiye akhwangwala, nkhuku ndi agalu a m'mudzi monse amaliona ngati lawo. Tinkakhala kunsi kwake, pamthunzi, n'kumatuluka apo ndi apo kukaingitsa mbalame kapena kutembenuza nsomba. Amayi ankandiuza kuti nsomba iliyonse imene khwangwala watenga yachoka m'mbale mwanga, ndipo sankaseka ponena zimenezo. Koma mwera ukakula maboti sankapita kutali, nsomba zinkachepa, azibambo ankangosoka maukonde kuseri kwa nyumba, ndiye nthawi tinali nayo yochita kusowa kotayira. Tinalipo anayi: ine, Shaibu mwana wa wogula nsomba, amene ankatithawa pakati pa masewera kuthamangira ku madrasa, Esinati wa pafupi ndi mjigo, mtsikana wosaopa kunena chilichonse, ndi Tiyamike msuweni wanga, wamkulu pa tonsefe, amene anali atangolemba mayeso a pulayimale.

Ndiyambe ndanena za a Lonjezo, chifukwa popanda iwo nkhaniyi ilibe mutu. Anali achimwene ake a Tiya, ndipo panyanja anali siginala, munthu amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitana usipa kuti ubwere pamwamba, anzake a pa boti n'kuuzinga ndi ukonde. Kumayambiriro kwa mwera womwewo mphepo inawapeza ali pakati pa madzi. Boti linabwerera ndi anthu ake, bwato linapezeka kumpoto litagadabuzika, koma iwo sanapezeke. Kwathu munthu akapanda kupezeka, pakapita nthawi amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa mwini wake, kuti maliro athe ndiponso mzimu upeze pogona. Bambo anga, pokhala malume wa ana amenewo, anapita kukayamba nkhaniyo. Azakhali anawathamangitsa ndi tsache. Ankati mwana wawo amasambira kuposa ng'ona, ali pa chilumba china akudikira kuti mphepo itsike, ndipo wokhudza nthochi za kuseri kwa nyumba yawo adzaona polekera. Choncho nyumba ija inangokhala m'malere, si ya maliro, si ya anthu amoyo. Wailesi sinkayatsidwa, koma kuliranso kunali koletsedwa.

Masewerawo anachokera kwa a Lonjezo omwewo. Asanayambe usodzi ankatsuka mbale ku loji ina, ndipo kumeneko anaona alendo atakhala patebulo tsiku lathunthu, opanda bolodi, opanda makadi, mmodzi akufotokoza, enawo akuyankha n'kumaponya timadayisi. Kamodzi kanagwera pansi pa mpando, eni ake n'kupita kwawo, ndiye anabwera nako kunyumba n'kumuphunzitsa mlongo wawo. Si nthano ayi, chifukwa pa nthano ako ndi "tili tonse" basi, zina zonse n'za wosimba. Apa aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhanimo. Tiya ankatiuza pamene tili ndi zimene tikuona, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye mutani?" Iwe n'kunena chimene munthu wako achite. Chikakhala chovuta umaponya kadayisi: nambala yaikulu zatheka, yaing'ono zako zada. Shaibu anasankha kukhala wa kabaza, wa njinga yopitirira minibasi. Esinati anali mayi wa geni, wa dengu limene zitumbuwa sizinkatha. Ine ndinkangosinthasintha, lero msilikali, mawa sing'anga, mpaka Tiya anatopa nane n'kundipanga mmisiri wokhoma zidebe, ati ntchito yaphokoso ikhale kwa munthu waphokoso. Chisuweni chimenecho, sindikanakwiya.

Tsiku loyamba anatiika pagombe la mudzi wopanda dzina. Anati kutali kukuoneka chilumba, ndipo anthu akunena kuti pa chilumbapo pali munthu wa nyali amene akuitana. Anati pamchenga pali boti, nkhafi zili momwemo. Kenako anafunsa funso lake lija. Abale, tonse tinadziwa kuti munthu wa nyaliyo ndi ndani, ndipo palibe amene anayerekeza kumutchula. Shaibu anayang'ana kumbali n'kunena mothamanga kuti iye wakwera njinga, watinyamula tonse, tikupita kumsika wa ku Khombedza.

Sitinafikeko. Tiya anati mlatho wakokoloka, Shaibu n'kufunsa kuti mvula yake yagwa liti mwezi wozizira ngati uno. Mawa lake tinati tipite ku Chipoka tikakwere sitima ya pamtunda, iye anati chiswe chadya njanji. Chiswe, njanji yachitsulo! Tinayesa njira ya ku boma, tinapeza mkango uli pakati pa msewu. Esinati anati aupatsa zitumbuwa, anaponya kadayisi, n'kutuluka nambala yaikulu yoti tonse tinakuwa. Tiya anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati mkango wakhutadi, koma wagona pamsewu pomwepo ndipo sudzuka lero. Njira iliyonse inkatibweza pagombe paja, pafupi ndi boti lija ndi nkhafi zake. Ankatifunsiranji kuti mutani pamene yankho anali nalo kale m'mutu? Ndipo ngati nkhaniyo inali yake, ife tinali ndani mmenemo? Sindinkadziwa ngati akutibera kapena akutipempha, ndipo zinthu ziwirizi zinkaoneka chimodzimodzi pankhope pake.

Amene anaphulika anali Shaibu. Anaimirira mpaka kugunda mutu ku thandala, usipa n'kutigwera m'mutu, nati, "Wallahi, Tiya, ngati ukufuna kuchilumbako palasa wekha. Ife watisandutsa nkhafi zako." Anapita kukamenya mpira wa mapepala, Esinati anapita ku phada, ine n'kutsala pakati, mwendo wina kwa anzanga, wina kwa mbale wanga. Masiku otsatira ndinkamuona Tiya ali yekha kunsi kwa thandala, akuponya kadayisi n'kukatola, kuponya n'kukatola, milomo ikugwedera ngati akuyankhulana ndi munthu. Ndinkamumvera chisoni, komanso ndinkamuopa pang'ono, ndiye ndinkangoingitsa akhwangwala ndili patali.

Anabwera yekha kudzatipepesa, atanyamula mbatata yootcha m'pepala. Anati satsekanso njira, chimene tanena ndi chomwecho, chovuta kadayisi kanene, ndipo iye sadzakatsutsa. Shaibu sanakhulupirire mpaka Tiya ananyambita chala n'kuloza kumwamba. Koma ndiye zinakoma! Masiku amenewo ndi amene ndimawasowa kwambiri pa ubwana wanga wonse. Tinafika ku Khombedza, tinatsegula tiyirumu, inapsa chifukwa cha nambala yanga yaing'ono. Shaibu anapikisana ndi minibasi n'kuipitirira, kondakitala akutukwana pawindo. Esinati anagulitsa zitumbuwa kwa mvuu, mvuu n'kudandaula kuti zachepa shuga. Ine ndinakhoma chidebe chachikulu choti mudzi wonse unabisalamo njuchi zitalusa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene Tiya anakonzeratu, ankangozitola pakamwa pathu n'kuziwonjezera mchere, ndipo ndinamumva akuseka koyamba chichitikire ngozi ija, kuseka kochita kugwira nthiti. Komabe kulikonse kumene tinkafika kunkapezeka munthu wina, kaya mayi wa tomato, kaya mnyamata wopopa matayala, wonena modutsa kuti nyali ija ikuonekabe pa chilumba. Tiya sankatikakamiza. Ankangonena zimenezo n'kukhala chete, maso ali pa beseni, ndipo kukhala chete kumeneko kunkandilemera kuposa mkango uja.

Ndiye tsiku lina m'mawa, m'masewera momwemo, tinakwera botilo tokha, popanda wotituma. Shaibu anakweza ndi njinga yomwe. Tiya anakhala mowongoka, nati mwera ukuomba, tiponye kuti tione ngati tidutse mafunde a kugombe. Inatuluka nambala yaing'ono, funde n'kutilavulira pamchenga. Tinayesanso, boti linabooka. Ndinalikhoma ndi chitini, nambala yaikulu, tinavina mpaka kudzutsa fumbi. Tinalowanso m'madzi, nkhafi inathyoka. Mawa lake chimodzimodzi. Kadayisi kaja kanachita ngati kalodzedwa. Ndinaona dzanja la Tiya likukwawira ku beseni kuti likaphimbe nambala, kenako likubwerera pabondo. Ndipo taonani zodabwitsa: ine yemwe, amene ndinkadandaula kuti amatibera, tsopano ndinkalakalaka atabera. Ndinkafuna anene kuti mphepo yatsika mwadzidzidzi, kapena kuti kwabwera ng'ona yachifundo yotikoka, chilichonse. Ndinanena kuti tiponyenso chifukwa kadayisi kagunda mwala. Mwala panalibe. Tiya anapukusa mutu nati, "Ndinalumbira."

Esinati ankatunga madzi pa mjigo tsiku ndi tsiku, ndipo kumeneko azimayi ankayankhula zimene sankayerekeza kunena pamaso pa azakhali, zoti akuzunza mzimu wa mwana, zoti munthu sangakhale pa chilumba nyengo yonseyi osaonedwa ndi asodzi. Mwina ndi zimenezo zimene zinamudzaza. Mwina anangotopa ndi kumira. Funde litatibwezanso, iye anapukuta manja pa diresi n'kunena mosakweza mawu: "Ine ndatsika m'boti. Ndapita kuseri kwa nyumba. Ndatenga chikwanje. Ndikudula nthochi."

Mphepo inkangoliza bango. Shaibu anamukankhira kadayisi msangamsanga, ndipo ndinadziwa kuti akupempherera nambala yaing'ono. Esinati sanakagwire. Anati kudula nthochi si chinthu chovuta, ngakhale kamwana kamadula, ndipo tinagwirizana kuti timaponya pa zovuta zokha. Ankanena zoona. Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati ndi nkhanza, koma maso ake anali jenkha, ngati munthu amene wanyamula chinthu chotentha ndipo sakudziwa pochitula. Tonse tinatembenukira kwa Tiya. Akanatha kukana. Akanatha kutaya beseni n'kuthawira kunyumba, ndipo palibe akanamunena. Anakumba mchenga ndi chala chakuphazi. Kenako anakweza mutu nati, "Nthochi yagwa. Ndiye mutani?"

Sindikudziwa chimene chinatigwira, koma tinapitiriza. Shaibu anati wakwera njinga kukanena uthenga kwa achibale a kumtunda. Ine ndinati ndikukhoma bokosi. Esinati anati watulutsa nsalu yatsopano pansi pa dengu. Ndipo Tiya anafotokoza maliro amenewo kuposa chilichonse chimene anafotokozapo. Ananena za azimayi akubwera ndi mitolo ya nkhuni pamutu, za masamba oikidwa panjira kuti odutsa atsike panjinga, za adzukulu akubwera kuchokera kumanda makasu ali paphewa, za utsi wolowa m'maso, za nyimbo imene amayi a kutchalitchi anayambitsa mokweza kwambiri mpaka ena n'kulephera kuifikira. Ananena za asodzi a pa boti lija ataima kumbuyo, zipewa zili m'manja, akulephera kuyang'ana mayi wa mnzawo. Sanalire. Mawu ake ankangoyenda mowongoka ngati akuwerenga m'kalasi. Pamwamba pathu akhwangwala anali atatera pa thandala akudya usipa mwaufulu, ndipo palibe mmodzi wa ife anagwedezeka.

Amene anawaingitsa anali azakhali. Tinangomva mapiko phaphapha, kenako tinaona mapazi awo ali m'mapatapata, pafupi penipeni ndi beseni. Anali ataima pamenepo kuyambira liti, sitinadziwe. Shaibu anali atakonzeka kale kuthawa. Ine ndinatseka maso kudikira ndodo, chifukwa munthu amene anathamangitsa mchimwene wake ndi tsache sakanatisiya ife. Koma iwo ananjuta pang'onopang'ono mpaka nkhope yawo inaoneka kunsi kwa thandala, ndipo sanayang'ane wina aliyense koma mwana wawo.

"Mwamuveka malaya ati?"

"Ofiira aja, amayi."

"Ayi. Ofiira aja amamuthina m'khwapa. Mumuveke oyera."

Anaimirira n'kuyamba kutembenuza nsomba ngati sananene kanthu. Pamenepo Tiya anagwetsa nkhope mumchenga n'kulira, kulira kumene kunali koletsedwa nyengo yonse ija. Azakhali anatembenuza nsomba zingapo, kenako nawonso anagwira mtengo wa thandala n'kukuwa dzina la mwana wawo, mokweza moti azimayi anabwera akuthamanga kuchokera ku mjigo ndi kugombe, poganiza kuti mtembo wapezeka. Anatipeza ana anayi ndi beseni lovundikira, ndipo wina anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Koma inenso sindinkadziwa.

Sabata lomwelo azakhali anatuma munthu kukaitana bambo anga. Nthochi inadulidwa, ndipo ndikukumbukira chitsa chake chikudontha madzi tsiku lonse. Anthu ankati Mulungu wafewetsa mtima wa mayi uja, ena ankati ndi mawu a akuluakulu a mpingo, ndipo ife palibe amene anatifunsa. Masewera aja sitinachitenso. Tiya ndi Esinati anakhala osayankhulana mpaka sukulu zinatsegulidwa, kenako tsiku lina ndinawaona akulukana tsitsi pakhonde ngati palibe chimene chinachitika, ndipo zimenezonso zinandisokoneza.

Ndakula tsopano, ndipo kutauni ndaonapo achinyamata akusewera masewera amtundu umenewu patebulo lenileni, ndi mabuku awo ndi timadayisi todzaza kathumba. Ndawamvapo akukangana kuti wofotokoza nkhani azitsogolera anthu kumene wakonza kapena aziwasiya apite kumene akufuna. Amandiyang'ana ngati ndingawalamule, ine n'kungokanda m'mutu. Tiya atatseka njira zonse kuti tikapulumutse achimwene ake, tinamuthawa. Atatsegula njira zonse, tinawaika m'manda. Nthawi zina ndimati Esinati anachiza banja lonse ndi chikwanje cha pakamwa. Nthawi zina ndimati tinalanda mwana woferedwa malo okhawo amene achimwene ake anali akupumabe, ndipo iye anatilola chifukwa choti ananyambita chala. Ndimayamba kuganiza m'mawa ndili mbali iyi, pofika masana ndili mbali inayo. Chokhacho chimene ndikudziwa n'chakuti tikanapanda kupatsidwa ufulu uja sitikanakwera botilo ndi mtima wathu wonse, ndipo n'chifukwa cha ufulu womwewo kuti sitinafike.

Tiya pano amagulitsa nsalu ku Salima, ndi mayi wa ana ake, wonenepa bwino, woseka mokweza. Chaka chatha tinakumana pa ukwati wa wachibale, ndipo ndinamupeza kuseri akusenda anyezi ndi azimayi anzake. Titasekana za chisuweni, zoti ndakalamba ndisanalemere, ndinalimba mtima n'kumufunsa chimene ndinkafuna kufunsa zaka zonsezi: tikanafika pa chilumba paja, tikanapeza chiyani?

Sanadabwe ndi funsolo. Anati, "Anali moyo. Ataonda, ndevu zitakula, koma anali moyo. Ndinali nditakonza ngakhale mawu oyamba amene akanakuuzani mukutsika m'boti."

Ndinamufunsa kuti mawu ake anali otani. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kutola anyezi wina m'dengu.

"Simunafike," anatero.